Mango olumidwa ndi mileme, ana adye?

FUNSO: Amayi anamwino, pakhomo pathu pano pa Ulónguè pali mitengo iwiri ya mango. Usiku mileme imachita kusonkhana, kukacha timapeza mango olumidwa ali mbwee pansi, ndipo ana amalimbirana kutola. Ndinamva pa wailesi kuti mileme imanyamula matenda oopsa. Ndidule mitengoyi? Komanso mlamu wanga amakumba golide ku Chifunde, akuti m'maenje momwe amalowamo mileme ndi yosayamba. Mayi wa ana atatu, Angónia.

YANKHO: Mayi, mitengoyo isiyeni. Anawo auzeni kuti bango lililonse lomwe lili ndi mano a mleme si lodya, ngakhale atadula mbali yolumidwayo, chifukwa malovu amakhala atayenderera kale. Athyole a mumtengo, osalumidwa, muwatsuke ndi kuwasenda. Olumidwawo kwirirani, musaponyere nkhumba. Ku Malaysia mu 1998, kachilombo ka Nipah kanachoka kwa mileme kupita kwa nkhumba, kenaka kwa oweta, ndipo anthu opitirira 100 anamwalira.

Koma amene wandisowetsa mtendere m'kalata yanu ndi mlamu wanuyo. Pali mtundu wina wa mileme yodya zipatso womwe sugona m'mitengo, umagona m'mapanga ndi m'migodi, ndipo ndi umene umasunga kachilombo ka Marburg, m'bale wake wa Ebola. Mlemewo sudwala ayi, koma kachilomboka kamatuluka m'malovu, mkodzo ndi zitosi zake. Ku Durba m'dziko la Congo, kuyambira 1998 mpaka 2000, matendawa anayambira kwa okumba golide ngati iyeyo. Ku Uíge ku Angola mu 2005 anapha anthu opitirira 200. Rwanda yawaona mu 2024, Tanzania mu 2023 ndi 2025. Katemera wovomerezeka palibe.

Ndikudziwa kuti golideyo ndiye akudyetsa banja, sindinganene kuti angosiya. Koma dzenje lomwe mileme yamangamo mudzi alileke, akumbe kwina. Asagone kapena kudyera nsima m'menemo, asagwire mleme ndi manja, wamoyo kapena wakufa, ndipo ndiwo za mleme aziiwale. Akatentha thupi mwadzidzidzi, mutu waukulu, kusanza ndi kutsekula m'mimba pasanathe masiku 21 chitulukireni m'dzenje, asangogula mankhwala a malungo pamsika. Apite kuchipatala, ndipo akanene yekha kuti amalowa m'maenje a mileme. Mawu amenewo ndi amene amatitsegula maso ife anamwino, chifukwa poyamba matendawa amaoneka ngati malungo wamba. Amafala kudzera m'magazi ndi masanzi a wodwala, motero oyamba kutenga amakhala omudwazika ndi osambitsa maliro.

Mwana akalumidwa kapena kukalidwa ndi mleme, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Ndipo mlamu wanuyo ndi anzake asayese kufukiza utsi kuti aphe milemeyo. Pa mgodi wa Kitaka ku Uganda anayesa kuipha yonse, koma patapita zaka ina inabwerera, ndipo yokhala ndi kachilomboka inachuluka kuposa kale.