Mwana wokonda za Aigupto koma masamu akumuvuta

Mayi, mwati mwana wanu amakonda za Aigupto koma masamu akumuvuta. Musamuletse mwanayo kuwerenga za Aigupto akale, muzigwiritse ntchito nkhani zomwezo pomuphunzitsa mafulakishoni akumuvutawo. Pa gumbwa la Rhind (chikalata cha masamu cha Aigupto akale), lolembedwa cha m'ma 1550 BC, lomwe lili ku British Museum ku London, pali mafunso ogawa mikate kwa anthu 10. Mpatseni mabanzi atatu agawire anthu anayi. Aigupto akanati aliyense walandira theka ndi kota, osati 3/4. Mwana wanga anayamba kumvetsa atadula yekha chonchi. Pochulukitsa, Aigupto ankangowirikiza kawiri: 13 × 6, amapeza 26, kenako 52, n'kuphatikiza ziwirizo kukhala 78. Koma ngati mwanayo akusokonezabe manambala ngakhale pongowerenga, kaonaneni ndi aphunzitsi ake amuunike bwinobwino.