Kwa mchemwali wa ku Ulongwe, ku Mozambique, amene wafunsa za "walking slowly"

Mchemwali, funso lanu ndaliona. Mwati aphunzitsi analemba pa bolodi kuti "Walking slowly, the old man crossed the road", ndipo simukumvetsa kuti kachidutswa koyambirirako n'kamtundu wanji, bwanji kalibe "he" kapena "was", nanga "slowly" malo ake enieni ndi ati. Mwafunsanso ngati anthu amalankhuladi chonchi kapena ndi za mayeso a kalasi 12 basi. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa pamenepa ife ophunzira Chingerezi kudzera m'Chipwitikizi timapunthwapo kawiri.

Kachidutswako dzina lake ndi participial phrase. Mutu wake ndi mneni amene sakunyamula chiganizo chonse, akungofotokoza munthu kapena chinthu chimene chatchulidwa. Amatha ndi -ing, monga walking, kapena amakhala wa mtundu wachitatu uja timaloweza pamndandanda, monga damaged, broken, built. M'Chipwitikizi abale ake ndi gerúndio ndi particípio: andando, danificado. "Slowly" ndiye muonjezi, amene kusukulu timati advérbio, wotiuza mmene kuyendako kunachitikira.

Musachite nazo mantha, chifukwa m'Chichewa timachita zimenezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. "Agogo anawoloka msewu akuyenda pang'onopang'ono." "Atawerenga bwino ndalama, anatseka golosale." "Anandiyankha akumwetulira." Kusiyana kwake kuli pamodzi pokha, koma n'kwakukulu. Mneni wathu amayenda ndi mwini wake. Ndikati ndikuyenda, akuyenda, titafika, mutafika, mwamva kale kuti ndani akuchita. "Walking" alibe chizindikiro chilichonse cha munthu. Ndiye Chingerezi chinaika lamulo lakuti mwini wake akhale yemweyo amene ali mwininkhani wa chiganizo chachikulu, uja wobwera pambuyo pa vírgula (kachizindikiro kotchedwa comma m'Chingerezi). Mukagwira chimenechi, zotsalazo n'zopepuka.

Taonani mmene zimasokonekera. M'Chichewa ndikhoza kunena kuti "Ndikuyendetsa mosamala cha ku Zóbuè, mbuzi inathamangira mumsewu", ndipo palibe angadabwe, poti "ndi-" wanena kale kuti woyendetsa ndine. Munthu akangosamutsa chiganizochi mmene chilili amalemba "Driving carefully towards Zóbuè, a goat ran into the road." Kwa wowerenga Chingerezi, amene akuyendetsa galimoto pamenepa ndi mbuziyo. Cholakwika chimenechi amachitcha dangling participle, ndipo ochonga mayeso sachedwa kuchiona. Kukonza kwake kulipo kuwiri. Mutha kubweretsa mwini wake pambuyo pa vírgula: "Driving carefully towards Zóbuè, I saw a goat run into the road." Kapena mungosiya participle n'kulemba zonse poyera: "While I was driving carefully towards Zóbuè, a goat ran into the road." Ine ndimakonda njira yachiwiriyi nthawi zonse pamene ochita zinthu ali awiri osiyana.

Chipwitikizi nacho chimatikokera kwina. Kumeneko n'zololedwa kunena "Chegando o professor, os alunos calaram-se", mwini wake ali m'kati mwa kachidutswa momwemo. "Arriving the teacher" m'Chingerezi mulibe. Nenani "When the teacher arrived, the students went quiet."

Tsopano za malo a muonjezi, paja ndi pamene panagona funso lanu. Ndi -ing, kawirikawiri amabwera pambuyo: walking slowly, speaking softly, waiting patiently. Koma pakakhala chinthu chimene chikuchitiridwa ntchitoyo, muonjezi asalowe pakati pa mneni ndi chinthucho. "Counting the money carefully" n'zolondola. "Carefully counting the money" n'zolondolanso. "Counting carefully the money" ayi. Chomwe chimatinyenga n'chakuti "contando cuidadosamente o dinheiro" ndi Chipwitikizi chabwinobwino, ndiye khutu lathu silimva kuti china chalakwika. Chiganizo chonse chingakhale chotere: "Carefully counting the change, she handed me fifty meticais."

Ndi mneni wa mtundu wachitatu, muonjezi amakonda kutsogola: badly damaged, newly built, recently repaired, fully loaded, well cooked. Mukukumbukira mu Januwale 2022, mphepo ndi mvula ya namondwe wotchedwa Ana itaononga mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize? Wolemba nkhani m'Chingerezi akanatha kulemba kuti "Badly damaged by the floods, the bridge was closed to traffic." Onani kuti lamulo lija likugwirabe: chimene chinaonongeka ndi mlatho, ndipo mlathowo ndi umene wabwera pambuyo pa vírgula. Onaninso kuti -ing amanena za wochita, pamene mtundu wachitatu umanena za wochitiridwa. Madzi ndiwo anali "damaging", mlatho unali "damaged".

"Atawerenga" wathu uja, wosonyeza kuti chinthu china chinayamba chatha, m'Chingerezi ndi "having". Muonjezi amakhala bwino pakati: "Having already paid, we went straight to the bus." "Not" amaima kutsogolo kwenikweni: "Not knowing the way, he asked a woman selling potatoes." Apa kachidutswako kakupereka chifukwa, ngati mmene timanenera kuti "posadziwa njira".

Pali aonjezi ena opanda -ly amene muyenera kuwasamala: fast, hard, late, well. "Fastly" kulibe. Ndipo "hardly" si mnzake wa "hard". "Working hard" ndi munthu wolimbikira ntchito, pamene "hardly working" ndi munthu amene pafupifupi sakugwira kalikonse. Chimenechi chikalowa m'kalata yofunsira ntchito chimamuvulaza munthu wosalakwa, n'chifukwa chake ndachitchula.

Nanga anthu amalankhuladi chonchi? Inde, koma osati mmene zimaonekera pa bolodi. Kuyamba chiganizo ndi "Walking slowly," ndi kalembedwe ka m'nyuzipepala, m'malipoti ndi m'nkhani zolembedwa. Pocheza, kachidutswako kamapita kumapeto: "She came in laughing loudly." "He stood there quietly waiting." "They sat outside talking excitedly." Kapena kamatsatira dzina pofuna kuloza amene tikumunena: "the man standing quietly by the gate", "potatoes freshly dug in Tsangano". Kakakhala koloza chonchi sipafunika vírgula. Kakayamba chiganizo, vírgula ndi wokakamiza.

Ndiye pali tina tating'onoting'ono timene mumatiwerenga osadziwa kuti ndi banja lomweli. Mukawolokera ku Dedza kudzera pa Calómuè, yang'anani zikwangwani ndi mapepala: "freshly baked bread", "newly opened shop", "fully paid". Kukakhala "well" patsogolo pa dzina amaika kamzere, "a well-known trader", koma aonjezi a -ly safuna kamzereko. Palinso mawu ochepa ozolowereka amene lamulo la mwini wake siliwakhudza: generally speaking, strictly speaking, frankly speaking. "Generally speaking, the rains start in November" n'chiganizo chabwino, ngakhale mvula silankhula. Amenewa ingowalowezani mmene alili.

Ndikukulimbikitsani kuti muzidziwe bwino zimenezi chifukwa chigawo chathu chino cha Tete chinazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, konseko za m'maofesi zimayenda m'Chingerezi. Mathiraki odutsa pa Cuchamano, pa Cassacatiza ndi pa Zóbuè amayenda ndi mapepala a Chingerezi, ndipo amene amalemba lipoti la katundu amafuna chiganizo chachifupi chosasokoneza, monga "Fully loaded, the truck left Moatize at six." Mawu awiri oyambawo atenga malo a "after it had been fully loaded". Ubwino wake ndi umenewo, kufupikitsa.

Komabe musazichulutse. Ana asukulu ambiri akangozidziwa amayamba nazo chiganizo chilichonse, ndipo nkhani imatopetsa kuwerenga. Kamodzi kapena kawiri pandime n'kokwanira. Mukakayika, "when", "while" ndi "because" sadzakugwetsani pamayeso.

Kuti muyesere, tengani ziganizo zitatu izi: "Atatseka bwino chitseko, amayi anapita kumsika"; "Mwana analowa akulira mokweza"; ndi "Ndikudikira shapa (minibasi) modekha, mvula inayamba." Ziwiri zoyambazo zilola participle popanda vuto. Chachitatucho muchiyang'ane kawiri musanalembe, mudzifunse kuti akudikira ndani ndipo chayamba n'chiyani. Mukalemba muziike pansipa, ndidzaziona madzulo ndikaweruka.