Kodi Muziwerenga Chiyani pa Webusaiti Yanu?

Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa funso lanu ndi lomwe linandisowetsa tulo zaka zingapo zapitazo. Mwati muli ndi webusaiti yogulitsira nsalu, ndipo Google Analytics ikuonetsa kuti anthu akubwera, koma simukudziwa kuti ogula ndi angati.

Ine ndinkasamalira webusaiti ya nyumba ina yogona alendo. Mwezi uliwonse ndinkapita kwa mwini wake ndi chiwerengero cha anthu amene atsegula masamba, iye n'kundifunsa kuti, "Nanga agona angati?" Yankho ndinalibe. Pofuna kukonza zinthu, ndinakhazikitsa kuti tsamba lothokoza munthu akatumiza fomu liziwerengedwa ngati goal, kutanthauza chinthu chimene mukufuna kuti mlendo achite pa webusaiti, koma sindinazindikire kuti munthu akabwerera pa tsambalo tsiku lina ankawerengedwanso, komanso kuti ine mwini, poyesa fomuyo m'mawa uliwonse, ndinkadziwerenga ngati mlendo. Kwa miyezi itatu ndinapereka manambala olakwika, ndipo bamboyo anawonjezera ndalama zotsatsira malonda pa Facebook chifukwa chondikhulupirira. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Pa 1 Julayi 2023 Universal Analytics, mtundu wakale wa Google Analytics, inasiya kulandira data, ndipo ndinamanganso zonse mu mtundu watsopano wotchedwa GA4, momwe chilichonse chimene munthu wachita pa tsamba chimatchedwa event. Ambiri anadandaula, koma ine ndikuona kuti kusinthaku kunatikakamiza kudzifunsa chimene tikufunadi kuwerenga. Mu 2024 Google inasintha dzina la conversions, omwe ndi ma event ofunika kwambiri pa malonda anu, kukhala key events, choncho musadabwe mukapeza maphunziro akale akutchula dzina lina.

Ndinene mosabisa kuti chiwerengero cha alendo pachokha n'chosocheretsa, ndipo wokuuzani kuti malonda akuyenda bwino chifukwa chakwera sakukuthandizani. Kuwonjezera apo, malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwera anthu amene makasitomala awo amalipira ndi khadi pa webusaiti pomwepo. Kwathu kuno kasitomala amadina batani la WhatsApp, mumakambirana mtengo, kenako amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zonsezi Google siziona. Mukadikira event ya purchase, yosonyeza kuti munthu wagula, mudzadikira mpaka kalekale, pamene malonda akuchitika pa foni imene ili m'manja mwanu.

Zoti muchite

Mu GA4 yatsani Enhanced measurement, imene imawerenga yokha munthu akafika pa 90% ya tsamba, akatsitsa fayilo, kapena akadina linki yopita kunja. Kuchokera pa event ya click, yomwe imalemba kudina linki yopita kunja, pangani yatsopano imene link_url yake (adiresi ya linkiyo) ili ndi wa.me, yomwe ndi adiresi ya malinki a WhatsApp, muitche whatsapp_click, ndipo muiike kukhala key event yowerengedwa kamodzi pa ulendo uliwonse wa mlendo. Fomu muitsatire kudzera mu Google Tag Manager, chida cha Google chothandiza kutumiza ma event ku GA4, ndipo event yake muitche generate_lead. Yesani zonse mu DebugView, gawo la GA4 loonetsa ma event nthawi yomweyo pamene mukuyesa, musanakhulupirire nambala iliyonse, sinthani nthawi yosungira data kuchoka pa miyezi 2 kufika pa 14, ndipo dikirani maola 24 mpaka 48 kuti malipoti adzaze. Pomaliza, sungani kope pafupi ndi foni, muzilembamo macheza a WhatsApp amene athera pogula nsalu, kuti pakutha pa mwezi muyerekeze nambalayo ndi ya whatsapp_click.