Amuna anga akukana mlamba, apongozi akuti ndinathiramo kondaine

Anankungwi,
Ndakhala pabanja miyezi isanu kuno ku Nchalo. Tsiku lina ndinaphika mlamba wowamba wotendera, kaphikidwe ka kwathu komwe amuna anga anali asanalawepo. Usiku womwewo anasanza kwambiri, ndipo kuchipatala anawapeza ndi malungo. Anachira, koma akangomva fungo la ndiwo imeneyi amatuluka panja. Apongozi akuti ndinathiramo kondaine. Nditani?
Mayi wodandaula, Chikwawa

Mwanawe, pukuta misozi. Amuna ako sakunyoza mphika wako, ndipo sakuchita dala.

Munthu akamadya, lilime limatumiza uthenga wa kakomedwe ku tsinde la ubongo, chakunkhongoku. Uthenga wochokera m'mimba umafikiranso komweko. Nseru ikabwera, ngakhale patapita maola angapo, zigawo za ubongo zotchedwa amygdala ndi insula zimalumikiza ziwirizi n'kusunga kuti chakudya chija n'choopsa. Kamodzi kokha n'kokwanira. Ubongo sufufuza kuti wolakwa ndi udzudzu. Umaloza chakudya, makamaka chachilendo. N'chifukwa chake nsima, yomwe anadyanso tsiku lomwelo, sakuikana: anaizolowera kuyambira ali mwana.

Wasayansi wa ku America, John Garcia, anaonetsa zimenezi mu 1955. Makoswe amene anadwalitsidwa atamwa madzi otsekemera anayamba kuwakana madziwo. Odwala khansa ena amadananso ndi zomwe anadya asanalandire mankhwala a khansa omwe amasanzitsa.

Chikumbukirochi sichifufutika, koma ubongo umatha kuphunzira chatsopano pamwamba pake. Siya kuphika ndiwoyo kwa milungu itatu. Kenaka yamba ndi nsomba ina, monga makakana ootcha, popanda nsinjiro. Akazolowera, bweretsa mlamba wauwisi wophika ndi tomato, ndipo uphikire panja kuti fungo lisadzaze m'nyumba. Alawe kachidutswa kongati nsonga ya chala, ali bwinobwino komanso ali ndi njala, makamaka madzulo kutentha kwa kuchigwaku kutachepa. Bwerezani kawiri pamlungu, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Mwina zingafune maulendo 10 kapena kuposa. Wotendera uja abwere pomaliza.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Usawakakamize, chifukwa akasanzanso chikumbukiro chakale chimalimba. Usawalawitse pamene akumwa mankhwala kapena akumva kuphwanya m'thupi. Ndipo chonde, usabise mlamba m'ndiwo zina. M'nyumba momwe mwatchulidwa kale kondaine, kubisa chilichonse mumphika kungakuthetsere banja. Nseru ikadzabwerera patapita miyezi, zimachitika. Yambiraninso pa kachidutswa kaja.

Za apongozi, usalimbane nawo wekha. Amuna ako ndiwo akawafotokozere mayi awo, ankhoswe ali pomwepo, atanyamula buku lakuchipatala lomwe munalembedwa za malungo. Koma ukaona kuti amuna ako akukana zakudya zambiri, akuonda, kapena maso achita chikasu, imeneyo ndi nkhani ina. Apite kuchipatala msanga akapimidwe.