Anthu akufunsa mtengo tsiku lonse koma ndalama sizikuoneka: kodi ndikongole kuti ndilipire Facebook?

Mayi wina wa ku Chibavi watilembera pa imelo. Akuti amapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga, amaupakira m'mapaketi a makilogalamu 5, n'kumagulitsa kudzera pa Facebook ndi pa WhatsApp. Makasitomala ena ndi a konkuno ku Mzuzu, ena ndi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Foni imalira kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma ikakwana nthawi yokaoda matumba ena ndalama zimapezeka zaperewera, moti amachita kutapa pa za pakhomo. Funso lawo ndi lakuti: atenge ngongole ya K200,000 ku banki m'khonde kuti alipire Facebook ionetse malonda awo kwa anthu ambiri?

Mayi, zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ngongoleyo musatenge kaye. Malinga ndi zimene mwalembazi, anthu akukuonani kale. Chimene simukuchidziwa ndi phindu lenileni la paketi imodzi, ndipo kuitana anthu ambiri musanalidziwe kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka.

Tengani kope ndi cholembera, tiwerengere limodzi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Inu muikemo anu a sabata ino, poti mitengo sikuchedwa kusintha.

Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 la mpunga wopuntha kale mwaligula K150,000 ku Karonga. Ambiri amathera pomwepa: amati kilogalamu ndagula K3,000, paketi ya makilogalamu 5 yandidyera K15,000, ndikagulitsa K20,000 ndapindula K5,000. Koma thumbalo silinafike lokha ku Chibavi. Layenda makilomita oposa 200, lakwera mtunda wa Chiweta, ndipo wagalimoto mwamupatsa K6,000. Anyamata okweza ndi kutsitsa, kuphatikizapo wa kabaza wokufikitsirani pakhomo kuchokera pa depoti, atenga K2,000. Mapepala opakiramo ndi zomata zolembedwa dzina lanu, K4,000. Bandulo ndi mayunitsi oimbira makasitomala pa masiku amene thumbalo likugulitsidwa, K5,000. Zodulidwa potapa ndalama kwa ejenti ndi potumiza kwa amene amakugulitsani, K3,000. Zonse pamodzi ndi K170,000.

Ndiye pali china chimene sichioneka m'thumba la ndalama koma pa sikelo. Mukapeta, n'kusankha timiyala ndi mankhusu otsalira, n'kuonjezerapo pang'ono pa paketi iliyonse kuti kasitomala asadandaule, makilogalamu 50 aja amatsika. Tinene kuti atsala 48. Gawani K170,000 ndi 48, mupeza kuti kilogalamu yakudyerani pafupifupi K3,540, paketi K17,700. Phindu lanu pa paketi ndi K2,300, osati K5,000. Ngati munalemba kuti mkati mwa Mzuzu mumaperekera ulere, n'kumulipira wa njinga yamoto K2,000 kuti apite ku Luwinga kapena ku Mchengautuba, mwatsala ndi K300. Inu m'mutu mukudziwa kuti mwapindula K5,000, ndiye mukutapapo K3,000 ya ndiwo mtima uli m'malo. Umu ndi mmene mpamba umathera mwini wake asakudziwa, malonda akuyenda bwinobwino.

Tsono onani ngongole ija. Ngati gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi, K200,000 ikufuna K40,000 yapamwamba mwezi uliwonse. Thumba lonse, mutagulitsa mpaka kilogalamu yomaliza pa K4,000, likukupatsani phindu la K22,000. Matumba pafupifupi awiri mwezi uliwonse muzigwirira chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo ili chilili.

Poika mtengo musamayang'ane kumene munagula, muziyang'ana kumene mukagule. Mpunga umatsika mtengo alimi akangokolola, chapakati pa chaka, n'kumakwera pamene tikulowera ku Khirisimasi ndi miyezi ya mvula. Mafuta akakwera, wagalimoto amakweza tsiku lomwelo. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo amalonda amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale pofuna kusangalatsa makasitomala anamaliza katundu yense n'kupeza kuti ndalama zimene ali nazo sizingagulenso katundu wofanana ndi woyambayo. Muziimbira amene amakugulitsani ku Karonga kamodzi pa sabata, ngakhale simukuoda, kungofunsa kuti thumba lili pa bwanji lero.

Mtengo ukakonzedwa, chachiwiri ndi anthu ofunsa osagula aja. Gawo lalikulu la vuto limeneli amalonda amadzipangira okha ndi mawu akuti "mtengo ku inbox". Munthu amene akufunadi kugula sakonda kupemphetsa mtengo, amangopita kwa wina amene walemba poyera. Amene amabwera ku inbox ambiri ndi ongofuna kudziwa, ndipo ndi amene akukutherani bandulo ndi nthawi. Lembani zonse pa positi pomwepo: mtundu wa mpunga, kulemera kwa paketi, mtengo, kumene muli, masiku amene mumatumiza kutali, ndi kuti ndalama yotumizira amalipira ndani. Ofunsa achepa, koma amene atsalewo ndi ogula.

Chithunzi chikhale chanu, osati chotola pa intaneti. Jambulani m'mawa pakhonde, pamene kuwala kuli kokwanira koma dzuwa silikuomba pa mpungawo. Tapani wodzaza dzanja, yandikitsani foni mpaka mbewu iliyonse ioneke kuti ndi yaitali, yosasweka, yopanda timiyala. Kenaka kanema wa masekondi 15: paketi ili pa sikelo, manambala akuoneka, inu mukumata. Munthu wa ku Area 25 ku Lilongwe sangaununkhize mpungawo pa foni, ndiye mupatseni chimene maso angatsimikize. Wa konkuno mukamulembera moni wa "Monire" amamva kuti akugula kwa munthu wa kwawo, koma mtengo ndi malangizo a kalipiridwe zikhale m'Chichewa chomveka kwa onse.

Ngati mukadali pa WhatsApp wamba, samukirani pa WhatsApp Business. Ndi yaulere ndipo nambala yanu sisintha. Ikani mapaketi anu mu Catalog ndi mitengo yake. Mu Quick replies sunganimo mayankho atatu amene mumawalemba kambirimbiri pa tsiku: mitengo, kalipiridwe, katumizidwe. Koma chothandiza kuposa zonse ndi Labels, zizindikiro zamitundu zimene mumaika pa macheza a munthu aliyense. Pangani zinayi zokha: wafunsa, walonjeza, walipira, walandira. Madzulo aliwonse tsegulani gulu la "walonjeza", aliyense mumulembere kamodzi mwaulemu kuti katundu wa ku Lilongwe anyamuka Lachisanu, kodi muwasungire mapaketi angati. Kamodzi kokha. Mukamulembera kachitatu munthu amayamba kukuthawani.

Wolonjeza asamasungiridwe katundu popanda chikole. Kwa a kutali lamulo likhale limodzi kwa aliyense, kaya ndi abusa kaya ndi bwana wa ku ofesi: ndalama zonse za mpunga ndi zotumizira ziyambe zalowa, katundu anyamuke pambuyo. Ndipo kulowa kwa ndalama sikutanthauza chithunzi cha uthenga chimene munthu wakutumizirani pa WhatsApp, chifukwa chimenecho mwana wa sukulu akhoza kuchipanga pa foni. Ngakhale uthenga wa SMS ungafanane bwanji ndi weniweni, yang'anani kumene wachokera; ukachokera pa nambala ya munthu wamba, ndi wabodza. Imbani *211# ngati ndi Airtel Money, *444# ngati ndi TNM Mpamba, muone nokha ngati ndalama zaonjezekeradi. Wina akaimba akulira kuti watumiza molakwitsa mumubwezere, musatumize kanthu. Muuzeni aimbire kampani ya foniyo, ndiyo ili ndi njira yobwezera ndalama zosokera. Nambala yanu ili poyera pa Facebook, choncho akuba amenewa adzakuyesani ndithu. Momwemonso ndi manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS: amene wawapempha akufuna kulanda akaunti yanu kuti azipempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Tsegulani Two-step verification lero lomwe, muike PIN yodziwa inu nokha.

Potumiza, sankhani masiku awiri pa sabata n'kuwalengeza, m'malo mothamangira ku ofesi ya otumiza katundu ndi paketi imodziimodzi tsiku lililonse. Mapaketi alowe m'thumba lachiwiri, musoke, mulembe dzina ndi nambala ya wolandira mbali ziwiri ndi cholembera chosafufutika. Lisiti mulijambule n'kulitumiza kwa kasitomala musanachoke pamalopo. Kupatsira kondakitala wa minibasi n'kotchipa, koma katundu akasowa mulibe pepala lililonse m'manja. Kumbukiraninso kuti anthu amalipira mtengo wokwera pa Kilombero chifukwa cha fungo lake, ndipo mpunga umakoka fungo la zimene wayandikana nazo: usipa, sopo, parafini. Kunyumba nakonso matumba asagone pa simenti. Chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa. Ikani matabwa pansi, musiye mpata pakati pa thumba ndi khoma, apo ayi mudzatsegula n'kupeza wachita nkhungu.

Pano ndi pamene pali ndalama zanu zenizeni, ndipo tikupemphani muwerenge mofatsa. Mpunga si diresi yoti munthu agule kamodzi pa chaka. Banja likagula makilogalamu 5 kapena 10, pakutha pa mwezi lifunanso. Kasitomala amene wadya mpunga wanu n'kuukonda simufunika kumulipirira Facebook kachiwiri. M'kope muja tsegulani tsamba la aliyense amene wagula: dzina, dera, tsiku, kuchuluka kwake. Pakapita masiku atatu mufunseni ngati wauphika ndi mmene wauonera. Chakumapeto kwa mwezi, pamene apantchito akulandira, mukumbutseni kuti mukutumiza sabata imeneyo. Mupempheni asunge nambala yanu m'foni mwake, chifukwa uthenga wa Broadcast, umene umatha kupita kwa anthu 256 nthawi imodzi, umangofika kwa okhawo amene anakusungani, ndipo Status yanu sangaione ngati simunasungane manambala. Musawaunjike m'gulu la WhatsApp asanavomere. Anthu amakwiya nazo, komanso mwagawira manambala a makasitomala anu kwa aliyense wogulitsa mpunga amene walowamo.

Chifukwa cha kasitomala wobwererayu, musayerekeze kusakaniza Kilombero ndi mtundu wotchipa mitengo ikakwera. Mayi amene amaphika tsiku ndi tsiku amadziwa akangovundukula poto. Sadzakuimbirani kudandaula, adzangosiya kuyankha. Kuli bwino kukweza mtengo n'kunena chifukwa chake. Nanunso poodapo musamangoona pakamwa pa thumba. Pisani dzanja mpaka pakati.

Za ndalama za pakhomo, njira ndi yosavuta kunena koma imafuna kuuma mtima. Ndalama za geni zikhale pa nambala yakeyake kapena ku akaunti yakeyake. Mudziikire malipiro a pa sabata ochokera pa phindu lenileni lija, mutape tsiku limodzi lodziwika, basi. Paketi imene mwaphika pakhomo kapena mwapatsa alamu anu ilembedwe m'kope pa mtengo wake. Achibale ndi a kumpingo ofuna ngongole ndi ovuta kuwakana, tikudziwa; ikani malire, mwachitsanzo mapaketi awiri okha akhale kunja pa nthawi imodzi, wachitatu adikire woyamba abweze. Foni nayo ikhale ndi nthawi yoweruka. Ikani uthenga woyankha wokha wonena kuti mudzayankha mawa 7 koloko, mugone. Mayankho olembedwa pakati pa usiku munthu atatopa ndi amene amatsitsa mtengo mosaganiza.

Mukadzafuna kulowetsa mpunga wanu m'masitolo kapena kugulitsa ku masukulu ndi malo ogona alendo, adzakufunsani mapepala: dzina la bizinesi lolembetsedwa ku boma, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, ndipo pa chakudya chopakira m'mapaketi, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Yambani kufunsa za zimenezi mukadali wamng'ono.

Nanga kulipira Facebook kuja, kumene kumatchedwa Boost? Ili ndi nthawi yake, ndipo imayesedwa ndi ndalama za phindu, zoti zitatayika geni siigwa. Facebook imafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja ambiri amadutsira kwa anthu owalipirira pa mtengo wokwera wa dola. Mukadzera njira imeneyo musapereke pasiwedi yanu, ndipo munthuyo musamupatse ulamuliro wonse pa tsamba lanu, chifukwa akhoza kukuchotsanipo. Sankhani positi imene yagulitsapo kale payokha, muilozetse ku mzinda umodzi, osati Malawi yense, batani lake likhale lotsegula WhatsApp, iyende masiku 5 kapena 7. Aliyense wobwera mumufunse kuti wakuonani kuti, mulembe.

Ikatha, zala za "like" musaziwerenge. Tinene kuti mwalipira K30,000, akulemberani anthu 60, agula 6. Kasitomala mmodzi mwamugula K5,000, pamene paketi ikukupatsani K2,300. Pa kugula koyamba mwaluza K2,700 pa munthu aliyense, ndipo mumayamba kupindula naye akagula kachitatu, kapena akatenga mapaketi atatu nthawi imodzi. Choncho dikirani miyezi iwiri, mutsegule kope, muwerenge kuti mwa anthu 6 aja abwereranso angati. Akabwerera anayi kapena asanu, bwerezani ndi ndalama yomweyo mumzinda womwewo. Akabwerera mmodzi, imbirani asanu enawo muwafunse chimene sichinawasangalatse, kaya ndi mtengo wotumizira, kuchedwa kwa katundu kapena mpunga weniweniwo, mukonze chimenecho musanalipirenso.