Funsani Amisiri: Kodi makina oyenda okha popanda mafuta kapena batire alipodi?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa msika, ndiye magetsi akangothima ntchito yanga yaima basi. Mlamu wanga wanditumizira vidiyo pa WhatsApp, munthu wamangirira mota ndi dainamo pa thabwa n'kuzilumikiza ndi lamba, wangozunguza kamodzi ndi dzanja zayamba kuyenda zokha mpaka mababu anayi kuyaka, popanda batire popanda sola. Pano kuli mkulu wina akuti atha kundipangira yotere ndikampatsa ya zipangizo. Ndipereke kodi? Ndine wowerenga wanu wa ku Mponela.

YANKHO: Achimwene, ndalamayo musatulutse. Ndikumvetsa kuti magetsi akathima inu mumagona ndi njala, ndipo n'chifukwa chake mavidiyo amenewa amandipweteka mtima, amakola anthu olimbikira ngati inuyo amene mukungofuna njira yopezera ya ndiwo.

Tiyambire pa njinga. Munapalasapo usiku dainamo itagunda pa tayala eti? Nyale ikangoyaka mumamva kuti kupalasa kwalemera, ndiye kuti kuwala kuja kukuchokera m'miyendo yanu, dainamo ikungosandutsa mphamvu ya miyendo kukhala magetsi, payokha ilibe kanthu. Mota nayo ndi chimodzimodzi kungoti imachita mobwerera, imadya magetsi n'kupereka kuzungulira. Ndiye posandutsapo zina zimatayika, waya amatentha, belingi imakhulana, lamba amaterera, ngakhale kaphokoso kaja ndi mphamvu yomwe yapita osabweranso. Tingoyerekeza kuti mota ikubweza 80 pa 100 iliyonse, dainamo nayo 80 pa 100, ndiye kuti zikangozungulirana kamodzi pa 100 paja patsala 64, kachiwiri 41, kenako zii, ndipo apa sitinaikepo babu ngakhale limodzi. Makina oyenda okha osaima oterewa Azungu amati perpetual motion, anthu ayesa kwa zaka mazanamazana, Bhaskara wa ku India anafotokoza gudumu lake loti lizizungulira lokha cha m'ma 1150, mpaka mu 1775 bungwe la asayansi la ku Paris linalengeza kuti lasiya kuunika makina oterewa.

Nanga zomwe mwaonazo zikuyenda bwanji? Luso lenileni la anthu amenewa lili pobisa. Thabwa lija nthawi zambiri limakhala lokhuthala mopitirira, amaligoba kunsi n'kulowetsamo mabatire aja a mu laputopu, inu mumawadziwa bwino, a 18650, timawaya n'kudutsa mkati mwa thabwa kukatulukira pa sikuluwu yomwe yagwira mota. Ena amachotsa za m'mimba mwa dainamo n'kusiya chigoba chokha, batire n'kukhala mmenemo, ndiye mota ikuyenda ndi batire yobisika pomwe inu maso ali pa lamba. Ena amaika koyilo pansi pa tebulo ngati ya tchaja ya foni yopanda waya ija, babu laling'ono la LED n'kumayaka lili pamwamba. Palinso zosavuta kuposa apa, kupemerera gudumu ndi mpweya kuchokera komwe kamera sikuonetsa, kapena kudula vidiyo n'kulumikiza. Gudumu lolemera lokhala ndi belingi yabwino limatha kuzungulira kanthawi ndithu mukalikankha, ndiye vidiyo ya mphindi imodzi imatha lisanafooke.

Za maginito ndingonena pang'ono chifukwa ambiri amakodwa pamenepa. Maginito amakoka chitsulo chikamayandikira, koma amachigwiranso ndi mphamvu yomweyo chikamafuna kudutsa, ndiye pa kuzungulira konse palibe phindu. Kachidole ka m'mavidiyo ena ka kampira kachitsulo komwe kamatsetsereka n'kudumphiranso m'mbale yake kali ndi batire ndi koyilo m'tsinde mwake, kampira kakamadutsa koyilo imakakankha.

Nkhani yomwe ndimaikonda ndi ya Charles Redheffer wa ku America. Mu 1812 anaika makina ake ku Philadelphia n'kumalipiritsa anthu kuti aone, ndipo anapempha ndalama ku boma kuti apange aakulu. Oyendera atabwera anaona kanthu kakang'ono, mano a magiya anali atadyeka mbali yolakwika, kusonyeza kuti kachipangizo komwe ankati kakuyendetsedwa ndi makinawo ndi komwe kankawayendetsa. Atatulukiridwa anasamukira ku New York mu 1813, kumeneko kunabwera injiniya Robert Fulton, yemwe uja wa sitima zapamadzi zoyendera nthunzi. Fulton anangotchera khutu. Anamva kuti liwiro silikufanana, pena kuthamanga pena kufooka, ngati mmene chimamvekera chinthu chopukusa ndi dzanja, ndiye anachotsa timatabwa tomwe tinkaoneka ngati tongogwiriziza makinawo ku khoma n'kupeza kachingwe kobisika kodutsa mkati mwa khoma mpaka m'chipinda cha pamwamba. Atakalondola anapeza gogo wa ndevu zazitali atakhala pampando, dzanja limodzi akupukusa chogwirira, linalo akudya buledi. Anthu anakwiya n'kuphwanya makinawo, Redheffer n'kuthawa.

Wina ndi John Keely wa ku Philadelphia komweko, ameneyu anadya ndalama za anthu olemera kwa zaka zoposa 20 akulonjeza injini ya mphamvu yachilendo. Atamwalira mu 1898 anthu anafufuza nyumba yomwe ankagwiriramo ntchito n'kupeza chimpira chachikulu chachitsulo pansi pake, ndi timapaipi tobisika m'makoma ndi pansi, zomwe ofufuzawo anati zinkayendetsa makina ake ndi mpweya wopanikizidwa. Lero chasintha n'choti batire yachepa mpaka kukwana m'chigoba cha mota, gogo wa m'denga safunikanso.

Mwina mkulu wa kwanuyo si wakuba, ena amakhulupiriradi ndi mtima wonse chifukwa nawonso anaonera vidiyo yomweyo, koma mathero ake adzakuuzani kuti yangotsala pang'ono, onjezerani ya maginito ena, ndalama n'kumangopita. Ngati ali nayo kale yoyenda, muuzeni aibweretse pa benchi panu osati kwawo. Inyamuleni m'manja ikuyenda muisunthe pa tebulo, mverani kulemera kwa thabwalo, masulani chigoba cha mota ndi cha dainamo muone mkati, kenako lumikizani babu la 60 watts muitsekere m'shopu mwanu sabata yathunthu kiyi ali ndi inu. Mita yanu yoyezera ija muigwiritse ntchito, yezani pa mawaya a mota lamba mutamuchotsa, mukapeza mavoti pomwe chilichonse chaima ndiye kuti batire ilimo. Akakana kutsegula ponena kuti ndi chinsinsi chake, musapitirize naye nkhani.

Dainamo yomweyo imagwira ntchito bwinobwino ikapeza choizunguza chenicheni. William Kamkwamba ku Wimbe ku Kasungu anaimangirira ku makina a mphepo nyale n'kuyaka, ndipo ku Nkula ndi ku Tedzani ndi madzi a Shire omwe amazunguza majenereta. Kwa inu a mafoni, ndalama ya zipangizoyo ikhoza kuyambira pa sola yaing'ono, batire ya 12 volts ndi kontrola yake, zimenezo zitchaja mafoni ndi kuyatsa nyale ya pa benchi, kachitsulo kowotcherera mawaya ka 12 volts nakonso kamapezeka. Mukakawaona makina a mkuluyo mudzatilembere kuti mwapezamo chiyani m'thabwamo.