Laibulale yathu imangodzadza nthawi ya mayeso, nditani?

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo sabata yonse osayankha, osati ulesi ayi, koma inandikanda pachilonda. Achemwali ena omwe amayang'anira kalaibulale ka pa tauni ina yaing'ono akuti malowo amangodzadza ana a Fomu 4 MSCE ikayandikira, mayeso akangotha kumatsala iwo ndi abuluzi basi. Pano alandira makompyuta anayi ndi sola, ndiye akufunsa kuti ayambitse chani kuti anthu a m'deralo azibwera.

Achemwali, ine laibulale ndinayamba kuiopa ndisanayambe kuikonda. Ndili Sitandade 6 pa boma pathu panali laibulale ya chipinda chimodzi, ndipo ndikamadutsa ndinkasuzumira pawindo nkumaona mashelefu ali ndandanda mpaka kudenga. Tsiku lomwe ndinalimba mtima kulowa ndinali ndikuchokera kuchigayo, ufa uli mbuu m'mutu ndi m'miyendo, nsapato ndilibe, chidebe ndasiya pakhonde. Bambo amene ankakhala pakhomo anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu nkundifunsa kuti ukufuna ndani. Osati ukufuna chani, koma ukufuna ndani. Ndinati ndikufuna kuwerenga. Iwo amvekere, pita ukasambe kaye, mabukuwa ndi a boma. Anyamata atatu a sekondale omwe anali patebulo anabisa nkhope m'makope uku mapewa akugwedezeka. Ndinasenza ufa wanga ulendo wa kunyumba, ndipo sindinapondemonso mpaka ndili Fomu 3. Zaka zisanu zathunthu.

Ndipo nditabwerera ndinabwerera ngati ana anu a Fomu 4 omwewo, kudzafuna tebulo ndi mapepala akale a MANEB, poti kunyumba kowerengera kunali pamphasa ndi koloboyi. Mabuku a m'mashelefu aja nditawayandikira ndinakhumudwa zedi. Ambiri anali mphatso zochokera kunja, lina lonena za malamulo a msonkho ku Britain, lina la kasamalidwe ka maluwa m'nyengo ya chisanu cha kwawoko, lina la zophikaphika zomwe chilichonse chimafuna uvuni ndi tchizi. A Chichewa analipo ochepa, ong'ambika chifukwa ndi okhawo omwe anthu ankawagwira. Sindikunyoza opereka, mabuku ena abwino amafika ndithu, koma tisamanamizane kuti shelefu yodzadza ndiye kuti muli chowerenga.

Ndiye pamene mukuti anthu sabwera, funso langa loyamba si la mapulogalamu ayi. Mayi wogulitsa tomato, mwana ali kumbuyo, atafika pakhomo panupo lero, akhoza kulowa osachita manyazi? Chifukwa malaibulale athu ambiri tinawasandutsa chipinda cholemberamo mayeso, zii ngati kumanda, ukangokhosomola anthu onse akutembenukira. Wa kabaza angabwere kudzatani malo otero?

Koma ndisadzionetse ngati wanzeru, inenso ndinagwa nayo. Nditayamba uphunzitsi ndinayambitsa kalabu yowerenga pa laibulale ina, ndipo tsiku lotsegulira linali la dzaoneni, amfumu analipo, akhansala analipo, mlendo wolemekezeka anachedwa maola awiri monga mwa nthawi zonse, makireti a Fanta, zithunzi mbwee. Sabata yotsatira kunabwera anthu asanu ndi awiri. Mmodzi, bambo wa ulemu wake ndithu, anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti aphunzitsi, nanga ya sopo tisainira kuti? Apa ndiye ndimapsa mtima mpaka lero. Chizolowezi cha alawansi chinatiwononga, munthu sangakhale pansi kumva zomuthandiza iye mwini popanda envulopu, ndipo amene anatiphunzitsa zimenezi ndi a mawekishopu a m'mahotela a kunyanja omwewa, kenako nkumadabwa kuti anthu akumudzi alibe chidwi. Aaa, tisiye, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chilungamo chake, wolakwa wamkulu ndinali ine. Kalabuyo ndinaiika Lachitatu m'mawa, mu Disembala, anthu ali kalikiliki kupalira, komanso Lachitatu linali tsiku la msika. Sindinafunse munthu olo mmodzi. Ndinangokhala pansi ndi kope langa nkuwaganizira chomwe akufuna. Pofika Febuluwale ndinkakhala ndekha ndi buku lolembamo maina.

Chomwe chinayenda sindinachikonze ine. Loweruka lina kunagwa chimvula, ndiye gogo wina anathawira pakhonde la laibulale ndi tidzukulu take tiwiri, komanso panali ana ena omwe mvulayo inawadula mpira. Ana kusokosa, gogo uja kuti awakhazike chete anangoti, padangotelo! Onse pamodzi, tili tonse! Mvula inakata koma palibe mwana anasuntha mpaka Kalulu atamaliza kupusitsa Fisi. Loweruka lotsatira ana anabwera okha kudzafunsa kuti agogo aja ali kuti, tinachita kukawatenga. Patapita milungu ingapo ndinayamba kutulutsa timabuku ta zithunzi nkungotiyala pamkeka, osanena kanthu, ndipo ana omwewo ndi amene anayamba kufunsa ngati angapite nato kunyumba. Amayi awo pobwera kudzawatenga ankayamba aima patali, kenako pakhonde, kenako mkati.

Kumbukiraninso kuti William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu uja anapanga makina amphepo opangira magetsi mu 2002 ali ndi zaka 14, sanali wa Fomu 4 wokonzekera mayeso. Anali atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija, ndipo nzeruzo anakazitola m'kalaibulale kakang'ono ka pa Wimbe, kumangotsatira zithunzi poti Chingerezi chinkamuvuta. Ndimadzifunsa kuti akanakumana ndi bambo a pakhomo la laibulale aja zikanatha bwanji. National Library Service yakhalapo kuyambira 1968, pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ndiye odziwa kuwerenga m'midzimu ndi ambirimbiri, kungoti akamaliza Sitandade 8 chowerenga chimangokhala mameseji a pafoni ndi chikwangwani cha pa golosale.

Nanga makompyutawo?

Chonde musawafunditse nsalu kudikira tsiku lomwe kubwere alendo, ndaona malo ambiri makompyuta akufa ndi fumbi asanagwiridwepo. Ndipo musayambe ndi kalasi ya kuti iyi ndi mausi, iyi ndi kiyibodi, anthu amatopa nazo. Yambani ndi zomwe akuvutika nazo kale. Ikani tsiku limodzi pa sabata lothandiza anthu kulemba kalata yofunsira ntchito ndi CV, nthawi yofunsira malo ku mayunivesite a boma kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE muzithandiza ana kudzaza mafomu, ndipo mupeze mnyamata wochangamuka aziphunzitsa akuluakulu kuzindikira mameseji a akuba aja oti ndatumiza ndalama molakwitsa ku Mpamba kapena Airtel Money yanu. Sola muli nayo, lolani anthu azitchaja mafoni, munthu podikira foni yake amatola nyuzipepala. Amayi a banki mkhonde apatseni khonde azikumanirapo, a sukulu ya kwacha apatseni chipinda masana, alangizi a zaulimi aitaneni mu Okutobala mvula isanagwe, ikani bawo pansi pa mtengo. Tsegulani Loweruka ndiponso madzulo pang'ono. Ana a Fomu 4 asiyireni ngodya yawo ya chete, kwinako kuzimveka anthu. Koma musayambe zonsezi kamodzi, sankhani ziwiri mutafunsa kaye kumsika, kumpingo ndi kumzikiti kuti tsiku labwino ndi liti. Mwambo wotsegulira ndi Fanta zake usiyeni.

Bambo a pakhomo aja ndinakumana nawo chaka chatha pa maliro kwathu. Akalamba, maso sakuonanso bwino, ndiye anandipatsa kapepala ka ndondomeko ya mwambo kuti mwanawe tandiwerengera apa. Ndinawawerengera mpaka pansi. Sanandizindikire, ndipo ine sindinawakumbutse.